Momwe mungathandizire chimanga kulimbana ndi ntchemberezandonda ndi kapuchi

Tsamba lobooka limachititsa mantha. Mlimi akaona masamba atang'ambika, maganizo ake amathamangira kwa wogulitsa mankhwala, ndipo kawirikawiri amapopera mbozi zitakula kale, kapena zitalowa m'nthaka. Ndalama zimapita, ndipo tizilombo tomwe timathandiza chimangacho timafera pomwepo. Chimanga chili ndi njira zake zodzitetezera: chili ndi poizoni wake, chimaitana adani a mbozi ndi fungo, komanso chimatha kubwezeretsa masamba amene adyedwa. Malangizo awa akufotokoza momwe mungagwiritsire ntchito zimenezi, ndi nthawi yeniyeni imene mankhwala amafunika.

Mbozi imene ikuvuta kwambiri masiku ano ndi ya fall armyworm, imene ambiri amangoitcha ntchemberezandonda potengera dzina la mbozi zakale zija zoyenda chigulu. Kwawo ndi ku America. Inapezeka koyamba mu Africa kumayambiriro kwa 2016 kumaiko a kumadzulo, ndipo nyengo ya 2016/17 inali itafika m'minda ya ku Malawi ndi ku Zambia. Mu Disembala 2017 pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi. Sizinachokenso, chifukwa kuno kulibe chisanu chozipha, ndipo chimanga cha kudimba chimazisunga kufikira dzinja lina.

Choyamba: dziwani amene akudya

Musanachite chilichonse, tsegulani mtima wa chimanga, pamene masamba atsopano amatulukira atapindana, muone chimene chilimo.

Ntchemberezandonda yokulako imadziwika ndi zinthu ziwiri. Pamutu pake pali chizindikiro choyera ngati chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya zinayi za bokosi. Mtundu wa thupi musaudalire: ina imakhala yobiriwira, ina yofiirira, ina yoderapo. Mumtima mwa chimanga mumadzaza ndowe zonyowa zooneka ngati utuchi, ndipo masamba akamatambasuka amatuluka ali ndi mabowo aakulu opanda dongosolo. Nthawi zambiri mupeza mbozi yaikulu imodzi kapena ziwiri basi, chifukwa zikakula zimadyana zokhazokha.

Kapuchi ndi woyererako, wosalala, ndipo mabowo ake ndi aang'ono, ondandalikana mopingasa tsamba ngati munthu wabaya ndi singano tsambalo lili lopinda. Akakula amaboola phesi n'kukhala m'kati. Akadya pamene chimanga chimakulira, masamba apakati amauma pomwe akunja adakali obiriwira, ndipo mukawasolola amangotuluka. Chimanga chotere sichiberekanso, ngakhale chitaphukira m'mbali. Kapuchi alipo wamitundu iwiri ikuluikulu: Busseola fusca, wakwathu konkuno, amene amachuluka kumapiri ndi kumalo okwera, ndi Chilo partellus, wochokera ku Asia, amene amakonda malo otentha a m'zigwa ndi m'mphepete mwa nyanja.

Muphunzirenso mazira. Gulugufe wa ntchemberezandonda amauluka usiku n'kuikira mazira mulu umodzi wa 100 mpaka 200 pa tsamba, kawirikawiri kunsi kwake, n'kuuphimba ndi timaubweya totuwa. Kwa munthu wosadziwa amaoneka ngati nkhungu. Gulugufe mmodzi amatha kuikira mazira oposa 1,000 pa moyo wake. Mazira amaswa pa masiku awiri kapena atatu, mbozi imadya kwa masabata awiri kapena atatu ikufundula kasanu, kenaka imatsikira m'nthaka masentimita 2 mpaka 8 n'kukhala kanthu kofiirira kolimba kosayenda. Patatha sabata ndi masiku pang'ono gulugufe watsopano amatuluka. Kukamatentha zonsezi zimatha pafupifupi masiku 30, motero m'munda umodzi mumatha kubadwa mibadwo ingapo chimanga chisanakhwime.

Chofunika kugwira apa ndi ichi: timbozi tongoswa kumene timangopala pamwamba pa tsamba n'kusiya kakhungu koonekera ngati pepala la pulasitiki. Chakudya chochuluka kwambiri mbozi imadya m'masiku ake omaliza. Mukaona masamba ong'ambika moopsa, mboziyo yatsala pang'ono kumaliza ntchito yake. Nthawi yolimbana nayo ndi pamene mukuona timawindo toonekera tija.

Chachiwiri: mvetsani zimene chimanga chikuchita chokha

Chimanga chanthete chimakhala ndi poizoni wotchedwa DIMBOA. M'tsamba lamoyo poizoniyu amakhala womangidwa ku shuga, wosagwira ntchito. Mbozi ikatafuna tsambalo, maselo amasweka, shuga uja amamasuka, poizoni n'kuyamba kusokoneza m'mimba mwa mboziyo. Poizoniyu amachuluka chimanga chikangomera ndipo amachepa pamene chikukula. Vuto la ntchemberezandonda n'lakuti inakulira limodzi ndi chimanga ku America kwa zaka zikwizikwi, ndipo m'matumbo mwake imatha kumangiriranso poizoniyo ku shuga n'kumutaya ndi ndowe. N'chifukwa chake imadya chimanga chanthete mosaopa kuposa mbozi zina.

Chitetezo chachiwiri ndi fungo. Chimanga chimasiyanitsa tsamba long'ambidwa ndi mphepo kapena khasu ndi tsamba lotafunidwa ndi mbozi, chifukwa m'malovu a mbozi muli zinthu zimene chimazindikira. Patatha maola angapo mbozi itayamba kudya, mbewu yonse, ngakhale masamba amene sanakhudzidwe, imayamba kutulutsa fungo limene mphuno ya munthu siimva bwino koma timavu ting'onoting'ono timalimva. Izi anazionetsa wofufuza Ted Turlings ndi anzake ku Florida, ku America, mu 1990, ndipo mu 1997 chinthu chimodzi cha m'malovuwo chinadziwika n'kupatsidwa dzina lakuti volicitin. Timavuti si mavu oluma anthu aja. Tambiri ndi tating'ono kuposa njere ya mpunga, tina sitifika ndi milimita imodzi. Timatsata fungolo, kupeza mbozi, n'kuikira dzira m'thupi mwake. Mwana wa kamavu amadya mboziyo kuchokera m'kati. Tina, monga Telenomus remus, timaikira m'mazira enieni a gulugufe, moti m'malo mwa mbozi mumatuluka timavu. Chimanga choyandikana nacho chikamva fungo lomwelo chimakhala tcheru, ndipo chikalumidwa chimayankha msanga.

Ofufuza a icipe, bungwe lofufuza za tizilombo ku Kenya, pamodzi ndi a Rothamsted, malo ofufuzira za ulimi ku England, anapezanso mu 2011 kuti mitundu ina ya chimanga chamakolo imayamba kuitana timavu gulugufe wa kapuchi akangoikira mazira, mbozi isanaswe n'komwe, pomwe haibulidi amene anayesa sanachite zimenezi. Sizikutanthauza kuti musiye haibulidi, amene zokolola zake n'zodziwika. Zikungoonetsa kuti mbewu zimasiyana pa chitetezo, ndipo mukaona mtundu wina ukulimba m'dera lanu chaka ndi chaka, muukumbukire.

Chitetezo chachitatu ndicho chimene alimi ambiri sachikhulupirira kufikira ataona okha: kubwezeretsa. Chimanga chisanafike masamba asanu ndi limodzi, pamene chimakulira pamakhala pansi pa nthaka kapena pafupi penipeni ndi nthaka. Mbozi ikhoza kumeta masamba apamwamba, koma atsopano amatulukabe. Ngati chinyezi chilipo ndipo mbewu yadya, chimanga chimene chinkaoneka ngati chatha chimatha kubereka bwinobwino. Chimene sichingabwezeretsedwe ndi mtima wodulidwa, phesi lobooledwa ndi chitsononkho chodyedwa.

Chachitatu: konzani munda mvula isanagwe

Kapuchi amagona m'mapesi ouma chilimwe chonse kudikira mvula. Mapesi oimirira, kapena ounjikidwa pamthunzi, ndiwo nyumba yake yabwino. Mukakolola, agwetseni ndi kuwayala mopyapyala pansi kuti dzuwa la Okutobala liwatenthe ndipo nyerere ndi chiswe zilowemo. Ngati munda unagwidwa kwambiri, adulenidule kapena mudyetse ziweto. Kuwotcha sikofunika: kumapha ndi tizilombo tothandiza, n'kusiya nthaka pambalambanda.

Bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira, ndipo ngati n'kotheka nthawi imodzi ndi anzanu oyandikana nawo minda. Munda wobzalidwa mochedwa umakhala wanthete pamene agulugufe a m'badwo woyamba akutuluka m'minda yonse yozungulira, ndiye onse amathera mmenemo. Kubzala chimanga moduladula m'munda umodzi, kuno lero uko patatha masabata awiri, n'kuikira mbozi chakudya chosatha.

Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, monga alangizi amanenera. Feteleza wokulitsa alowe pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa patatha masabata atatu kapena anayi. Chimanga chanjala sichibwezeretsa masamba, ndipo chopanikizidwa ndi udzu n'chimodzimodzi, choncho kupalira msanga ndi mbali ya nkhondo yomweyi. Manyowa okhwima ali ndi phindu lina: amasunga chinyezi, ndipo nthawi ya ng'amba ndi pamene mbozi zimapambana, chifukwa chimanga chimaima kukula pomwe izo zikudyabe.

Sakanizani chimanga ndi nyemba, khobwe, nandolo kapena mtedza. Fungo losakanikirana limasokoneza gulugufe pofuna poikira, ndipo timbozi tating'ono, timene timalendewera pa ulusi n'kuuluzika ndi mphepo kupita ku chimanga china, timagwera pa mbewu imene sitiikonda. Maluwa a mbewu zimenezi ndi a m'malire mwa munda amadyetsanso timavu tokhwima, timene chakudya chake ndi timadzi ta m'maluwa. Malire ometedwa mpala amaoneka bwino kwa odutsa m'njira, koma timavu timasowa pokhala.

Chachinayi: ngati muli ndi ziweto, yesani njira ya kankha-koka

Njira imeneyi, imene imadziwika ndi dzina lakuti push-pull, anaikonza a icipe ndi a Rothamsted m'zaka za m'ma 1990 motsogozedwa ndi Zeyaur Khan. Imagwiritsa ntchito fungo la zomera lomwe lija. Pakati pa mizere ya chimanga mumabzala desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba choyanga pansi, chimene chimatulutsa fungo lofanana ndi la chimanga cholumidwa kale. Gulugufe amalipewa, timavu timalitsata. Kuzungulira munda mumabzala nsenjere, imene dzuwa likamalowa imatulutsa fungo lokopa gulugufe wa kapuchi kuposa chimanga. Gulugufe amaikira pa nsenjere, koma timbozi tikayesa kuboola, nsenjere imatulutsa utomoni womata umene umatikola, ndipo tambiri timafa tisanakule.

Kachitidwe kake ndi aka.

Yezani chigawo chosapitirira mamita 50 mulitali ndi 50 mulifupi. Chikakula kuposa apo, nsenjere imakhala kutali ndi chimanga chapakati, ndiye gawani mundawo.

Bzalani mizere itatu ya nsenjere kuzungulira, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 50. Tengani zidutswa za phesi za mfundo zitatu, ziwiri zilowe pansi, imodzi itsale kunja. Musatenge mbewu pa tsinde lopinimbira, lachikasu, la masamba ang'onoang'ono ochulukana: ameneyo ndi matenda ndipo amafala ndi zidutswazo. Kumalo kouma, udzu wa brachiaria wa mtundu wa Mulato II umalowa m'malo mwa nsenjere.

Siyani mpata wa mita imodzi kuchokera pa mzere wam'kati wa nsenjere kufika pa mzere woyamba wa desmodium, kuti mizu ndi mthunzi wa udzuwo zisapondereze mbewu. Muyambe ndi desmodium, mutsirize ndi desmodium, chimanga chikhale pakati.

Njere za desmodium ndi zazing'ono kwambiri. Kilogalamu imodzi imakwana ekala. Sakanizani gawo limodzi la njere ndi magawo atatu a mchenga wouma, lembani kamzere kakuya sentimita imodzi kapena awiri pakatikati pa mizere ya chimanga, wazani, n'kukwirira pang'ono. Mukakwirira kwambiri sizimera. Kwa olima mizere yokwezeka, njere zikaikidwa pansi penipeni pa khwawa mvula yamphamvu imazikokolola kapena kuzikwirira ndi matope, choncho njirayi imayenda bwino pa munda wosagaula kapena wa mizere yotsika. Ngati wina m'mudzi ali nayo kale desmodium, zidutswa za mphukira zake zoyanga zimagwira msanga kuposa njere nthaka ikakhala yonyowa.

Chaka choyamba n'chovuta, ndipo ambiri amagonjera pamenepa. Desmodium amakula pang'onopang'ono, amafanana ndi udzu, ndipo waganyu wosadziwitsidwa amamupalira yense tsiku limodzi. Pamzere wake zulani udzu ndi manja. Mukakolola chimanga musagaule, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zisalowe chilimwe, chifukwa zimamudya mpaka mizu. Chaka chachiwiri mumangomumweta mofupikitsa, kutsegula mpata wa chimanga, n'kubzala. Mumwetenso desmodium pamene chimanga chili chaching'ono kuti asachiyange.

Nsenjere yambani kudula ikafika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, patatha pafupifupi miyezi itatu, kusiya chitsa cha masentimita 10. Dulani mzere umodzi pa nthawi, kuti mpanda wa fungo usatseguke.

Phindu lake silithera pa kapuchi. Mizu ya desmodium imanyenga njere za kaufiti kuti zimere, kenaka n'kuzilepheretsa kugwira mizu ya chimanga, motero kaufiti amachepa chaka ndi chaka. Imaonjezeranso chonde. Pa ntchemberezandonda, kafukufuku wa m'minda ya alimi ku Kenya, Uganda ndi Tanzania amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti mbozi zinachepa ndi maperesenti oposa 80 m'minda ya desmodium ndi brachiaria poyerekeza ndi ya chimanga chokhachokha. Komabe kwa mlimi wopanda ng'ombe kapena mbuzi za m'khola, amenenso sangagulitse udzuwo, malo amene nsenjere imatenga pa munda wa theka la ekala ndi ambiri. Woteroyo angachite bwino ndi kasakaniza wa nyemba ndi nandolo.

Chachisanu: yenderani munda n'kumawerenga

Kuyambira chimanga chikangomera, lowani m'munda kawiri pa sabata, m'mamawa kapena madzulo pamene mbozi zimatulukira poyera. Musaweruze munda ndi mizere ya m'mphepete mwa njira. Lowani mamita asanu, kenaka yendani mokhotakhota ngati chilembo cha W, n'kuima malo asanu. Pamalo aliwonse onani mbewu 10 zotsatizana mumzere, osasankha. Zonse pamodzi ndi 50.

Pa mbewu iliyonse yang'anani masamba awiri kapena atatu atsopano okha, ndi mumtima. Werengani mbewuyo ngati ili ndi mazira, timawindo tatsopano, ndowe zonyowa kapena mbozi yamoyo. Mabowo akale a pa masamba apansi, a m'mphepete mouma, musawawerenge: amene anawaboola anapita kale. Kulakwitsa kumeneku ndiko kumapoperetsa anthu minda yopanda mbozi.

Lembani chiwerengerocho ndi tsiku lake, ngakhale pa chikuto cha kope la mwana. Chimanga chisanapitirire masamba asanu ndi limodzi, chitanipo kanthu ngati mbewu 10 mwa 50 zagwidwa, kutanthauza maperesenti 20. Kuyambira masamba asanu ndi awiri kufikira ngayaye itatsala pang'ono kutuluka, malire ake ndi mbewu 20 mwa 50, maperesenti 40, chifukwa chimanga chachikulu chimapirira zambiri. Mvula yamphamvu ikagwa, werenganinso musanagule kanthu: imakokolola timbozi tating'ono ndi kumiza tina mumtima momwemo.

Poyendapo muziona ndi abwenzi. Mulu wa mazira wakuda bii umene sukuswa nthawi yake ungakhale ndi timavu m'kati. Timatumba toyera tonga njere za mpunga pambali pa mbozi yofooka kapena yakufa ndi ana a timavu, musatiphwanye. Mbozi youma gwa yokutidwa ndi nkhungu yoyera kapena yobiriwira yaphedwa ndi matenda a nkhungu, ndipo yolendewera chazondoka, yofewa ngati yasungunuka, yaphedwa ndi vairasi. Zisiyeni pomwepo kuti matendawo afalikire kwa zinzake. Nyerere, akangaude, mavu omanga zisa ndi kachilombo kofiirira kokhala ndi kalumo kumchira kamene kamabisala m'makwawa a masamba, onsewa amadya mazira ndi mbozi.

Chachisanu ndi chimodzi: yambani ndi manja

Pa munda wa ekala kapena kucheperapo, kuphwanya mazira ndi timbozi ndi zala kawiri pa sabata m'mwezi woyamba kumachita zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Mulu umodzi wa mazira ndi mbozi zoposa 100 zimene zikanabalalika pa mbewu zambiri.

Kwa mbozi zimene zalowa mumtima, thiranimo dothi louma losefa, mchenga kapena mchenga wosakaniza ndi phulusa, kuchuluka kwa zala zitatu kapena supuni yaing'ono pa mbewu. Zimakanda khungu la mbozi, kuitsekereza, ndipo dothi limatha kubweretsa tizilombo toyambitsa matenda a mbozi. Phulusa lokhalokha lochuluka limawaula masamba anthete, makamaka kukakhala dzuwa. Alimi ena m'Malawi amawaza msuzi wa usipa kapena bonya, kapena madzi a shuga, pofuna kuitana nyerere. Msuziwo supha mbozi. Amapha ndi nyerere, choncho njirayi imagwira kumene nyerere zilipo kale.

Chachisanu ndi chiwiri: mankhwala a zomera

Poizoni amene zomera zina zimadzitetezera naye mungathe kumubwereka. Wa nimu ndiye wodalirika: sinjani njere zouma zokwana magalamu 500, zivikeni m'malita 10 a madzi usiku wonse, sefani ndi nsalu, onjezani supuni imodzi ya sopo wamadzi kapena sopo wosungunula, n'kupopera tsiku lomwelo. Nimu sagwetsa mbozi pomwepo. Amailepheretsa kudya ndi kufundula, ndiye zotsatira muziyembekezere patatha masiku atatu kapena anayi. Njere zimaposa masamba kutali.

Kwa mthuthu, umene ena amati ombwe, yanikani masamba pamthunzi, sinjani, n'kuviika kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi a sopo pang'ono usiku wonse. Sopo amathandiza kutulutsa mankhwalawo m'masamba ndi kuwamatiza pa chimanga. Ngati sukugwira ntchito, chifukwa chake chingakhale mtengowo: m'Malawi muli mitundu iwiri ya mthuthu yofanana maonekedwe, ndipo umodzi ulibe poizoni wopha tizilombo. Tengani mbewu kwa munthu amene wake anaona kuti umagwira. Mthuthu umapha nsomba, choncho zotsala ndi madzi otsukira zisapite kumtsinje kapena kudamu.

Mankhwala onsewa amaonongeka ndi dzuwa. Poperani madzulo, mulunjike mumtima mwa chimanga, ndipo mubwereze patatha masiku 7 ngati chiwerengero chidakali pamwamba. Sefani bwino, chifukwa zinyalala zimatseka kamwa ya sipuleya. Amagwira timbozi tating'ono. Yaikulu ngati chala cha mwana imangopitiriza kudya.

Chachisanu ndi chitatu: mankhwala ogula

Ngati chiwerengero chadutsa malire ndipo mbozi zambiri zidakali zazifupi kuposa sentimita imodzi, mankhwala ogula ali ndi malo ake. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, m'botolo lake lotseka la chizindikiro chowerengeka. Ku Malawi mankhwala amalembetsedwa ndi Pesticides Control Board ya ku Bvumbwe. Za m'timabotolo topanda dzina za pamsika zisiyeni. Werengani dzina la mankhwala enieni amene ali m'katimo, osati dzina la malonda lokha. Emamectin benzoate, spinetoram ndi chlorantraniliprole amagwira ntchemberezandonda bwino. Cypermethrin ndi anzake a gulu limenelo ndi otchipa, koma mbozi zambiri zinawazolowera, ndipo amasesa timavu, akangaude ndi njuchi. Munda wopoperedwa motere umagwidwanso msanga, chifukwa gulugufe amabwera usiku womwewo pomwe adani ake amatenga masabata kuti abwerere.

Muyezo ndi umene walembedwa pa botolo. Kuchepetsa kuti akwanire munda wonse kumasiya mbozi zolimba zamoyo, ndipo ana ake ndiwo adzakuvuteni. Kuonjezera kumangotha ndalama. Madzi akhale oyera, chifukwa amatope amafooketsa mankhwala. Poperani madzulo kapena m'mamawa kwambiri, kopanda mphepo, mvula isakuoneka kuti igwa posachedwa. Kamwa ya sipuleya iyende pamwamba pa mzere, ikuthira mumtima mwa mbewu iliyonse: kuwaza m'mwamba ngati mukuthirira ndiwo sikufikira mbozi imene yadzitsekera ndi ndowe zake. Ngati pakufunika kubwereza, sinthani gulu la mankhwala. Valani zovala zamanja aatali, nsapato zajombo, magolovesi ndi chophimba kukamwa, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asayandikire. Ngati munasakaniza ndi nyemba kapena maungu, musathyole masamba a ndiwo kufikira masiku olembedwa pa botolo atakwana. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenaka mulibowole kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta.

Patatha masiku atatu bwererani mukawerengenso. Masamba adzaonekabe ong'ambika kwa sabata kapena kuposerapo, chifukwa amene akutambasuka tsopano anadyedwa adakali opinda. Chokuuzani ngati mankhwala agwira ndi mbozi zakufa ndi kusowa kwa ndowe zatsopano.

Ngayaye ikatuluka

Ngayaye ikamatuluka imakankhira mbozi kunja, mtima uja kulibenso, ndipo mbozi zimatsikira ku chitsononkho. Zimalowera kundevu kapena kuboola makoko m'mbali. Pamenepa sipuleya yakumsana ilibenso ntchito: mbozi ili m'kati mwa makoko, chimanga chatalika kuposa munthu moti mankhwala amagwera wopoperayo kumaso, njuchi zili pa ngayaye kutola mungu, ndipo anthu ayamba posachedwa kuthyola chachiwisi. Pitirizani kuyendera, ndipo pamene mwaona ndowe pa ndevu finyani nsonga ya chitsononkho kapena chotsani mboziyo ndi manja. Mitundu ya chimanga imene makoko ake amatseka nsonga mothina imavutika pang'ono, ndipo n'chinthu choyenera kuyang'ana posankha mbewu ya chaka chamawa.

Pokolola, patulani zitsononkho zobooledwa. Mabala a mbozi ndiwo khomo la nkhungu, kuphatikizapo imene imatulutsa chuku cha aflatoxin, ndipo nankafumbwe amayambiranso pomwepo. Zoola zitayeni, musadyetse nkhuku kapena kuphikira mowa. Zobooledwa koma zosaola ziumitseni pazokha pa mphasa kapena pa lona, zidyedwe poyamba, zisalowe m'thumba limodzi ndi chimanga chosunga. Mapesi agwetseni sabata yomweyo, ndipo ngati mukubzala chimanga cha kudimba, kuwerenga mbewu 50 kuja kuyambe tsiku limene chamera.